Tochi Yolemera ya Bambo Rautio

Kuno ku Oulu, mwezi wa Disembala,
dzuwa limangosuzumira ngati wangongole
n'kubwerera lisanapereke moni.
Ine ndimalowa m'garaja kudakali mdima,
kuuzira mpweya m'manja,
n'kudzutsa makina osemera zitsulo.

Aluminiyamu ndi mwana womvera.
Ukati vula, amavula,
tizingwe tonyezimira n'kumagwa lendelende.
Koma eni ndalama zenizeni safuna mwana womvera.
Amafuna tochi imene inandisowetsa tulo.

Titaniyamu sasunga moto wake,
amaubweza wonse ku dzino la makina
mpaka lifiire psuu, libunthe.
Ukathamanga, wapsa.
Ukazengereza, waumitsa khungu gwa,
mawa ukayambira pa mwala.
Mazinga ake amalumana, amalira kwii,
ngati banja lotopana lomwe silifuna kusiyana.

Zikoniyamu ndimamuyankhula monong'ona.
Utuchi wake susowa machesi.
Chaka chatha unayaka wokha pansi pa makina,
moto woyera mbee, wosapenyeka,
umene ukauthira madzi umangosekerera.
Kuyambira tsiku limenelo
ndowa ya mchenga wouma imakhala pa phazi langa lamanja,
ndipo nsidze yanga yakumanzere inamera mokhota.

Kenaka kalata ya munthu wa ku Zurich:
ndikufuna ya tangisiteni.

Masabata asanu.
Mano a makina khumi ndi anayi anathera pamenepo.
Chitsulocho sichipereka tizingwe ayi,
chimangotaya ufa wotuwa, mwaumbombo, pang'onopang'ono.
Yoyamba inang'aluka nditatsala ndi mzere umodzi.
Ndinakhala pansi pa simenti,
khofi n'kuzizirira m'manja mwanga.
Yachiwiri inatuluka yamphumphu,
kutalika ngati chikhatho changa,
kulemera ngati nyundo.

Anaibweza.
Akuti ikung'amba thumba la jekete.

Inakhala pawindo mpaka Januwale,
ikupsinja malisiti a magetsi.

Bambo Rautio a nyumba yoyandikana nayo
anathera zaka makumi atatu pa njanji,
akukweza nyali kuti sitima ziime.
Lero manja awo sawamvera.
Madzulo alionse ndimawaona akupita kotenga nkhuni
ndi katochi kapulasitiki,
kuwala kukuvina pa mpanda, pa mitengo, pa denga la galu,
paliponse
kupatula pa sitepe pamene madzi aundana.

Anabwera kudzabweza fosholo ya chipale chofewa.
Anaiona. Anainyamula.
Dzanja linatsika lokha.
"Ichi n'chiyani, mwala?"
Ndinawasonyeza podina.

Kuwala kunagwa pa khoma, pakati pa masipanala,
kozungulira ngati mbale,
n'kuima.
Sindikuti phee. Ndingakhale ndikunama.
Kunkapumabe pang'ono m'mphepete,
ngati madzi a m'beseni munthu atangodutsa.
Koma kunaima.

Kuno sitiyankhula zambiri.
Tinayang'ana khomalo tonse awiri
mpaka makina otenthetsa m'garaja anazima, n'kuyakanso.

Anafunsa mtengo. Ndinawauza weniweni.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinati, ndiye ibwerekeni,
muibweze dzuwa likabwerera.
Iwo anati, zaka zanga zino
munthu salonjeza za mwezi wa Meyi.

Loweruka ndinapeza pakhomo
nsomba zitatu zofutsa mu utsi, zokulunga m'nyuzipepala,
popanda kalata.

Sindinawerengere bwino nkhani imeneyi.
Mano khumi ndi anayi, masabata asanu, nsomba zitatu:
mkazi wanga Kerttu akuti samu yotere
ndi imene imatseketsa magaraja.
Akunena zoona.

Koma folo koloko ikakwana, mdima wa ndiweyani utatsika,
ndimachepetsa liwiro la makina,
n'kupukuta galasi ndi mkono wa ovolosi.
Chitseko chawo chimatseguka.
Mbale ya kuwala imatsika sitepe yoyamba,
imadikira,
imatsika yachiwiri,
kenaka n'kuwoloka bwalo molunjika kunkhuni,
yolemera, yosafulumira,
nkhalamba ikutsatira m'mbuyo.

Titaniyamu akundidikira pa makina,
wozizira tsopano,
mkwiyo wake uli chikhalire.